Kasewero ka mawu ka Taonga: testi iyambe, code ibwere pambuyo

Taonga, Lolemba 19:12
Mwachoma bwanji nonse. Ndabwera ndi pempho. Papita miyezi itatu ndikuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, pa foni, usiku ndikatseka kabuthu kanga ku Kapata. Ndikufuna kupanga kasewero kolosera mawu ngati kaja ka Wordle, koma m'chilankhulo chathu, kuti ana a achemwali anga azisewera m'malo mongoonera mavidiyo. Foni ibise mawu a zilembo zisanu, mwana ayese maulendo 6, ndipo akalemba mawu ake auzidwe chilembo chimene chili pamalo pake, chimene chilipo koma chakhala pena, ndi chimene mulibiretu. Ndalemba kale mizere pafupifupi 80. Vuto ndi loti ndikakonza apa, pena pamasokonekera, ndipo ndimazindikira patapita masiku. Achimwene a Jere, tsiku lina munanena zolemba testi code isanalembedwe. Mutu wanga sukugwira. Chinthu chimene kulibe uchiyesa bwanji?

Jere, 19:40
Tachoma bwino mlongo. Wafunsa bwino, ndipo kasewero wasankhaka ndi koyenera kuphunzirira, chifukwa malamulo ake ndi ochepa koma ali ndi misampha. Unaonapo mmisiri akuyamba khoma? Amayamba wakhoma zikhomo n'kumanga chingwe, njerwa ngakhale imodzi isanaikidwe. Khoma kulibe, koma chingwe chanena kale pamene lidzadutse. Testi ndiye chingwecho. Siyesa zimene walemba, imanena zimene ukufuna kuti zidzachitike.

Mizere 80 ija usaifafanize, ingoisunga pambali. Ngati uli ndi Termux, pulogalamu ija yoyendetsera code pa foni, lemba pip install pytest kuti uike pytest, chida choyendetsera matesti. Kenaka tsegula fayilo yatsopano, dzina lake test_sewero.py, ulembe izi zokha:

from sewero import yerekeza

def test_mawu_onse_olondola():
    assert yerekeza("mbale", "mbale") == "BBBBB"

Tigwirizane kuti B ndi chilembo chokhala bwino pamalo pake, K ndi chimene chilipo koma kwina, kamzere ndi chimene mulibe. Ukatha lemba pytest, utiuze zimene uone.

Taonga, 19:58
Zafiira zokhazokha achimwene. Akuti ModuleNotFoundError, palibe sewero.

Jere, 20:01
Ndizo timafuna. Testi imene sunaione ikulephera suyenera kuikhulupirira, mwina siyesa kalikonse. Tsopano panga sewero.py ulembe code yochepetsetsa yoti testiyo idutse. Ndikutanthauza yochepetsetsadi:

def yerekeza(obisika, oyesa):
    return "BBBBB"

Mabvuto, 20:06
Iyayi a Jere, apa ndiye ndakana. Mukumuphunzitsa mwana kunamiza kompyuta? Function imeneyo siiyerekeza chilichonse. Ine ndapanga mawebusaiti zaka zisanu, testi sindinalembepo, makasitomala sanadandaule. Kasewero ka mizere 50 munthu amangolemba, n'kusewera kawiri katatu, basi waona kuti kakuyenda. Malaiti akupita maola ambiri chonchi, batire ya foni ithere pa kulemba zinthu kawiri?

Jere, 20:19
A Mabvuto, za batire mukunena zoona, nthawi ndi yodula. Koma si kunamiza. Yankho loikiratu lija likutsimikizira zinthu zitatu: fayilo ikupezeka, dzina la function ndi lolondola, ndipo pytest ikuyenda pa foni yake. Silikhala nthawi yaitali, testi yachiwiri iligwetsa pompano. Njirayi sindinaipeke ine. Anaitchukitsa ndi Kent Beck, yemwe pamodzi ndi Erich Gamma analemba JUnit, chida china choyendetsera matesti, mu 1997, ndipo mu 2002 anatulutsa buku lofotokoza njira yonse. Masitepe ake ndi atatu ndipo amangozungulira: lemba testi ilephere, ndiye kufiira, lemba zochepa kuti idutse, ndiye kubiriwira, kenaka sesa code yako popanda kusintha zimene imachita. Kuikiratu yankho iye amakulola ngati sitepe yoyamba, makamaka pamene sunadziwe kolowera.

Taonga, onjezera iyi:

def test_palibe_chilembo_chofanana():
    assert yerekeza("mbale", "phiri") == "-----"

Taonga, 20:41
Yoyamba yadutsa, yachiwiri yafiira monga munanenera. Ndachotsa yankho loikiratu lija, ndalemba loop yoyenda chilembo chimodzichimodzi. Chikafanana ndi cha pamalo omwewo ndikuika B, chikapezeka pena m'mawu obisika ndikuika K, apo ayi kamzere. Zonse ziwiri zabiriwira. Ndaonjezanso yanga ya K, nayonso yadutsa. Ndiye kuti ndamaliza?

Mabvuto, 20:44
Mwaona? Code imeneyo akanailemba mphindi zisanu popanda mwambo wonsewu.

Jere, 20:52
Tiyeni tichite chonchi a Mabvuto. Code ya Taonga yomweyo, musaiyendetse, ingoganizani. Mawu obisika ndi "mbale", mwana walemba "lamba". Yankho loyenera ndi liti? Nawenso Taonga yankha usanakhudze foni.

Taonga, 21:03
L alipo kwina, a alipo kwina, m ndi b chimodzimodzi. A wotsiriza uja... mu "mbale" a ndi mmodzi yekha, ndipo watengedwa kale ndi a woyamba. Ndiye ayenera kukhala kamzere, KKKK-. Koma code yanga ipereka KKKKK, chifukwa imangofunsa ngati a alimo. Mwana angaganize kuti mawuwo ali ndi ma a awiri. Mayo ine. Ndiye chimene chinkandisokoneza sabata yatha, ndinkaona kuti pena pakulakwika koma osadziwa mawu amene akuyambitsa.

Dalitso, 21:10
Msuweni, ine ndimangowerenga mwakachetechete kuno ku Petauke koma apa ndilowepo. Vuto la zilembo zobwerezali pa chilankhulo chathu ndi lalikulu kuposa pa Chingerezi. Taganizani mawu athu: nyama, mwana, phala, dzana, mvuwu, phiri. Zilembo zobwerezedwa zili paliponse, makamaka a. Kasewero kakalakwitsa pamenepa kadzanamiza ana pafupifupi tsiku lililonse.

Taonga, 21:47
Ndalemba testi ya "lamba", yafiira, ndakonza. Tsopano ndikumachotsa chilembo pa mndandanda chikagwiritsidwa ntchito. Zinayi zonse zabiriwira. Batire yatsala 9, malaiti sanabwere. Mawa.

Jere, Lachiwiri 06:15
Mwauka bwanji. Taonga, usanapite ku ntchito tenga iyi uziiganizira panjira. Obisika "nsima", mwana walemba "lamba".

Taonga, 12:30
Ndaiganizira ndili pa njinga m'mawa mpaka wokwezayo anandifunsa ngati ndikupemphera, chifukwa ndinkawerenga zala. Yankho loyenera ndi --K-B. A wotsiriza ali pamalo pake enieni, choncho a woyamba sayenera kulandira kanthu. Koma code yanga imayamba kumanzere, imapatsa a woyamba K isanaone kuti kutsogolo kuli mwini malo. Yatulutsa -KK-B. Ndayesa kuika ma if ena awiri, testi ya dzulo ya "mbale" ndiyo yafiira. Ndachotsa. Ndithandizeni, koma musandipatse yankho lonse.

Jere, 12:48
Taona chimene chachitika: waphwanya za dzulo, ndipo wadziwa mphindi yomweyo, osati patapita masiku. Chokuthandiza ndi ichi. Pamaliro kapena paukwati, ogawa chakudya amayamba ndi amene ali ndi malo awo odziwika, otsala amagawana zotsala. Yenda m'mawumo kawiri.

Taonga, 14:05
Zatheka!

def yerekeza(obisika, oyesa):
    zotsatira = ["-"] * len(obisika)
    zotsala = []
    for i in range(len(obisika)):
        if oyesa[i] == obisika[i]:
            zotsatira[i] = "B"
        else:
            zotsala.append(obisika[i])
    for i in range(len(obisika)):
        if zotsatira[i] == "-" and oyesa[i] in zotsala:
            zotsatira[i] = "K"
            zotsala.remove(oyesa[i])
    return "".join(zotsatira)

Ulendo woyamba ndikugawa ma B okha ndi kusunga zilembo zotsala. Ulendo wachiwiri ndikugawa ma K kuchokera pa zotsalazo. Akuti 5 passed. Kasitomala anandipeza ndikuomba m'manja ndekha m'kabuthu.

Mabvuto, 14:31
Chabwino, ya "nsima" ija inenso ikanandidutsa, ndivomere. Koma taonani bwino, amene wapeza vutolo si testi, ndi a Jere amene anaganiza za mawuwo. Testi imangodziwa zimene mwaiuza. Ndipo si onse akuluakulu amagwirizana nayo njirayi. David Heinemeier Hansson, amene anapanga Ruby on Rails, chida chopangira mawebusaiti, analemba mu 2014 kuti kuumirira testi patsogolo kumatha kupotoza kamangidwe ka pulogalamu, munthu n'kumadula code tizidutswatizidutswa pofuna kusangalatsa matesti.

Jere, 15:02
Zonse ziwiri mwanena zoona. Ndipo iye sananene kuti tisiye kuyesa, ankatsutsa zoti testi iziyamba nthawi zonse pa chilichonse. Inenso maonekedwe a tsamba, mitundu ndi mabatani, sindiyamba ndi testi, ndimayang'ana ndi maso. Koma pamene pali lamulo, monga kuwerengera ndalama, chiwongoladzanja cha banki ya m'mudzi, kapena kugawa ma B ndi ma K, ndimayamba ndi testi. Za "nsima" ndinazidziwa chifukwa zinandigwetsapo kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano zalembedwa. Taonga akadzasintha code yake mwezi wa mawa ine kulibe, testiyo idzamukumbutsa.

Mayi Mwale, 17:20
Ana anga, ine za makompyuta sindidziwa, anandilowetsa muno ndi mwana wanga kuti ndizifunsa za laputopu ya kusukulu. Koma ndaphunzitsa Cinyanja ku Katete zaka zambiri, ndipo pali cimene cikundivuta. Mukuti mawu a zilembo zisanu. Nanga ng'ombe ili ndi zilembo zingati? Cifukwa ine m'kalasi ndimaphunzitsa kuti ng' ndi liwu limodzi. Mwana akalemba ngoma m'malo mwa ng'oma ndimamuuza kuti walemba nyama ya m'thengo, sanalembe coimba. Kasewero kanu kadzati ciyani?

Taonga, 17:44
Amayi, mwandiimitsa mutu. Ndafunsa Python, len("ng'ombe") akuti 7. Akuwerenga n payekha, g payekha, ndi kachizindikiro kaja ngati chilembo. Ndiye kuti mwana angaone bokosi lokhala ndi kachizindikiro kokhakokha.

Dalitso, 17:52
Njira yachidule: chotsani mawu onse okhala ndi ng' pa mndandanda. Palibe adzadziwe.

Mayi Mwale, 18:09
Dalitso mwana wanga, ayi. Kasewero ka cilankhulo cathu kopanda ng'ombe, ng'oma, ng'ona, ng'anjo? Pamenepo ndi pamene ana amalakwitsa kwambiri, ndiye pofunika kuti azipaona kawirikawiri. Mukacotsa, mwapanga kasewero ka Cingerezi kovala citenje.

Jere, 18:36
Amayi anena chinthu chachikulu kuposa zonse ndanena ine kuyambira dzulo. Josh Wardle atatulutsa Wordle mu October 2021, funso loti chilembo n'chiyani silinamuvute, chifukwa pa Chingerezi batani limodzi ndi chilembo chimodzi, zonse 26. Ife tikangokopera malamulo ake tikopera ndi maganizo amenewo osazindikira. Apa ndi pamene ndimaikondera njirayi. Taonga sangalembe testi asanasankhe yankho, ndipo yankholo si la Python, ndi la ife eni chilankhulo. Ndiye tisankhe. Amayi, ng' akhale bokosi limodzi. Nanga ph, th, kh, ny, ch? Nanga mb ndi nd?

Mayi Mwale, 19:15
Mukafunsa za kamvekedwe, ph wa mu phala ndi liwu limodzi, ny wa mu nyama cimodzimodzi. Koma mwana amaona zilembo ziwiri ndipo amazilemba zonse, palibe cimene cimasowa. Ng' ndi wosiyana cifukwa kacizindikiro kaja pakokha si cilembo, sikangaime m'bokosi. Ine ndikanati yambani ndi ng' yekha. Koma ndikuuzeni zoona, ana ife sitiwaphunzitsa kuwerenga ndi zilembo zokha, timawaphunzitsa ndi maphatikizo: ba be bi bo bu, nkha nkhe nkhi. Tsiku lina mudzapange kena koti bokosi lililonse likhale phatikizo, monga ci-ma-nga. Kameneko ndingakagwiritse nchito m'kalasi mawa lomwe.

Taonga, 19:33
Amayi, kameneko ndakalemba m'kope, kadzakhala kachiwiri. Lero ndayamba ndi matesti awa, ndisanalembe code:

def test_ng_ndi_bokosi_limodzi():
    assert gawa("ng'ombe") == ["ng'", "o", "m", "b", "e"]

def test_ngoma_si_ng_oma():
    assert gawa("ngoma") == ["n", "g", "o", "m", "a"]

Ndaona chinthu chokoma: ng' akakhala mmodzi, ng'ombe ikukwana mabokosi asanu ndendende. Ilowa m'kasewero.

Yotamu, 19:50
Pepani ndachedwa, netiweki kuno ku Chadiza imafuna kukwera pachulu. Achemwali, onjezani testi ina. Kachizindikiro kameneko kali mitundu iwiri. Mafoni ena amaika kowongoka ', ena amasintha okha n'kuika kopindika ’. Ndi maso n'zofanana, koma kwa kompyuta koyamba ndi U+0027, kachiwiri ndi U+2019. Zinandichitikira pa mndandanda wa maina a alimi a kopaletivu yathu: Ng'andu wolembedwa pa foni ndi Ng'andu wolembedwa pa laputopu anasanduka anthu awiri, matumba a feteleza osagwirizana ndi maina, tinakhala mpaka usiku tikufufuza. Komanso foni imakonda kukuza chilembo choyamba, ndi kusiya mpata kumapeto.

Jere, 20:04
Yotamu wabweretsa zenizeni. Palinso ŵ. Ena amalemba mbewa, ena mbeŵa. Chilembo chimenecho kompyuta imatha kuchisunga ngati chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kadenga kapadera, ndiye len ipereka 5 pena, pena 6. Mankhwala ake ndi unicodedata.normalize ndi "NFC". Koma Taonga, osalemba zonse nthawi imodzi. Testi imodzi, ifiire, ibiriwire, kenaka ina.

Taonga, 21:26
Ndatsata chimodzichimodzi. Ya kachizindikiro kopindika inafiiradi, a Yotamu munanena zoona, foni yanga yomwe ino ndi imene imaika kopindika. Pomaliza ndasesa, zatsala izi:

def gawa(mawu):
    mawu = unicodedata.normalize("NFC", mawu.strip().lower())
    mawu = mawu.replace("’", "'")
    return re.findall("ng'|.", mawu)

Kenaka ndinachita mantha kukhudza yerekeza, poti ndinavutika nayo. Koma ndangoika mizere iwiri pamwamba yoti mawu onse awiri adutse kaye mu gawa. Ndayendetsa pytest mtima uli m'mwamba. 11 passed. Ya "lamba" ndi ya "nsima" zili bwinobwino. Kale ndikanasewera kasewero maulendo makumi awiri kuti nditsimikize, n'kugonabe ndi nkhawa.

Mabvuto, 21:40
Apa pokha ndaona phindu lake, kusintha pansi pa nyumba denga osagwa. Sindikulonjeza kuti ndiyamba kulemba testi pa chilichonse. Koma ndili ndi function yowerengera mtengo wotumizira katundu imene ndimaopa kuikhudza chaka chonse, ndiyamba ndi imeneyo. Funso langa ndi ili: mawu obisika amasankhidwa mwamwayi, ndiye muyesa bwanji chinthu chosintha ulendo uliwonse?

Jere, 21:55
Musalole kuti kasewero kazisankha kokha mkati mwake. Kapatseni mawu kuchokera kunja, monga Sewero("mbale"). Pa testi mumapereka mawu odziwika, pa kusewera kwenikweni mzere umodzi wa random.choice ndi umene umapereka. Mukatero maulendo 6 aja, kupambana ndi kulephera, zonse zimayeseka mosavuta.

Mayi Mwale, Lachitatu 05:48
Mwauka bwanji ana anga. Usiku ndinaganiza cina. Mwaona mmene ndimalembera ine ndi mmene mukulembera inu? Ine ndimalemba caka, cinthu, nchito, monga mwa kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro wa kuno ku Zambia unavomereza mu 1977, ndipo ndi mmene mabuku a ana athu alili. Inu mukulemba chaka, chinthu, ntchito, monga a ku Malawi. Sindikudzudzula, pano ndi pa malire a Mwami ndi pafupi, mawailesi timamvera amodzi, nyimbo ndi mabuku a mapemphero zimaoloka malire tsiku ndi tsiku. Koma chaka ndi zilembo zisanu, caka ndi zinayi. Mwana wa giredi 3 adzalemba zimene ndamuphunzitsa, kasewero n'kumukana. Adzakhulupirira ndani, ine kapena foni?

Dalitso, 06:30
Landirani zonse ziwiri basi, c ndi ch zikhale chimodzi.

Yotamu, 06:52
Sizophweka choncho a Dalitso. Pa kalembedwe ka kusukulu ch alipo ndithu koma ndi liwu lina, lija la mpweya limene a ku Malawi amalemba tch. Mukaziphatikiza mwasokoneza mawu awiri osiyana. Ine ndikuona kuti mindandanda ikhale iwiri, munthu asankhe poyamba.

Jere, 07:20
Ili ndi funso loti asankhe mwini kasewero, code itsatira. Taonga, ukupangira ndani?

Taonga, 07:41
Ana a achemwali anga, wina giredi 3 wina giredi 5, onse amaphunzira konkuno. Ndiye ndiyamba ndi kalembedwe ka kusukulu. Mndandanda wachiwiri udzabwera pambuyo. Ndalemba testi yoti mawu aliwonse a pa mndandanda akhale mabokosi asanu akadutsa mu gawa, ndi ina yoti pasapezeke mawu olembedwa kawiri. Yoyambayo yagwira kale atatu amene ndinawerenga molakwa, nkhuku ndinaiika pa asanu pomwe ndi zilembo 6. Amayi Mwale, mungandionereko mndandanda ndikamaliza? Ndili ndi mawu 64 okha.

Mayi Mwale, 08:02
Tumiza mwana wanga, ndidzaona ndi colembera cofiira monga mwa nthawi zonse. Dzina ngati Nc'wala usaike, maina a miyambo ndi a malo akhale pambali, apo ayi kacizindikiro kaja kadzakuvutanso.

Taonga, Loweruka 16:18
Ndabwera ndi lipoti. Ana asewera lero pakhonde, foni ikuyenda m'manja. Mawu oyamba anali mbuzi, wamkulu anapeza ulendo wachinayi. Achiwiri anali ng'ombe, ndipo wamng'ono ataona ng' m'bokosi limodzi anakuwa kuti ndi mmene amanenera aphunzitsi. Kenaka wamng'ono yemweyo analemba "galu", zilembo zinayi, kasewero n'kugwa ndi IndexError. Dzanja linathamangira ku sewero.py, koma ndinabweza. Ndatsegula test_sewero.py kaye. Funso ndi loti, mwana akalemba mawu aafupi kapena aatali, kamuuze kuti ayesenso popanda kumudyera ulendo, kapena ulendowo uwerengedwe?

Mayi Mwale, 16:40
Usamudyere. Wa giredi 3 akuphunzira kuwerenga zilembo, muuze kuti mabokosi ndi asanu ayesenso.

Taonga, 16:58
Ndalemba kuti akalemba "galu" maulendo otsala akhalebe 6. Yafiira. Ndikukonza tsopano. Amene muli ndi mawu a mabokosi asanu ponyani muno, ndikufuna afike 200 mwezi usanathe.

Yotamu, 17:11
Khasu, mphika ayi ndi 6, mtedza ayinso. Khasu, nyemba ayi. Dikirani ndiwerenge bwino: khasu, dzira, mvula, tsamba ayi, fodya, ndowa, mpeni, nsomba ayi, mbewa.

Dalitso, 17:15
Onjezani phala, thumba ayi, nkhono ayi, dzuwa, mwezi, bwalo, gwafa. Yotamu, mawu ako ena aja asungire kasewero ka amayi ka maphatikizo, nye-mba ndi nso-mba akalowa kumeneko.